Kutsitsa low range pa Land Cruiser yolemera: transifa, madifu kapena bokosi lachiwiri?

Amene anakwerapo msewu wa Gorodi kuchokera pa Chitimba kupita ku Livingstonia ndi galimoto yodzaza katundu amalidziwa fungo la kilatchi ikayamba kupsa. Wafika pa kona yokhota ngati chigongono, pansi pali miyala yogumuka, mbali ina kuli phompho. Uli kale pa low range, magiya otsika a galimoto ya 4x4 oyendera malo ovuta, giya wani, koma galimoto ikuthamangabe kuposa momwe maso ako akusankhira poponda tayala. Ukachotsa phazi pa mafuta injini ikufuna kuzima. Ndiye phazi lamanzere limayamba kusewera ndi kilatchi, kuiponda theka, kuisiya, kuipondanso. Potsika vuto lake ndi lomwelo koma loopsa kwambiri, chifukwa injini ikalephera kugwira galimoto, ntchito yonse imagwera mabuleki, ndipo mabuleki akatentha amayamba kufooka.

Galimoto yopepuka imakhululuka zambiri. Koma Land Cruiser 80 ukaiika chitsulo chakutsogolo, winchi, thanki yachiwiri ya dizilo, tenti ya padenga, madzi ndi anthu, imafika pa matani 3 mosavuta. Ndiyankhula za galimoto imeneyi, makamaka ya injini ya 1HZ, ya malita 4.2 yopanda turbo, chifukwa ndi imene ndikuidziwa bwino, komanso ndi injini yomweyo imene ili m'ma Land Cruiser 78 ndi 79 ambiri amene timawaona akunyamula odwala ndi katundu wa mabungwe m'misewu ya kumidzi. Transifa zawo, bokosi logawa mphamvu ku matayala akutsogolo ndi akumbuyo limene lilinso ndi low range, ndi za banja limodzi ndi ya 80, kotero zambiri zimene ndinene zikuwakhudzanso.

Masamu ake ndi ochepa, koma osawathawa

Mphamvu ya injini imadutsa m'malo atatu isanafike pa tayala: giyabokosi, transifa ndi difu, magiya a pa akiselo amene amagawa mphamvu ku matayala awiri. Malo aliwonse amachepetsa liwiro n'kuchulukitsa mphamvu yopotokola. Mukachulukitsa manambala atatuwo mumapeza kuti injini imazungulira kangati kuti tayala lizungulire kamodzi. Pa HZJ80, yomwe ndi Land Cruiser 80 ya injini ya 1HZ, ya giyabokosi ya H150F, giya wani ndi 4.529, low range ya transifa ndi 2.488, difu ndi 4.10. Zonse pamodzi zikupereka pafupifupi 46. Ya injini ya turbo, 1HD-T, imene ili ndi giyabokosi ya H151F ya giya wani 4.081, imafika pa 42 yokha. Ya otomatiki ya A442F, imene giya wani yake ndi 2.950, ili pa 30.

Nambala 46 imatanthauza chiyani mumsewu? Ndi matayala a 275/70R16, aatali mainchesi 31, injini ikamazungulira maulendo 1,000 pa mphindi galimoto imayenda makilomita 3.2 pa ola. Zikuoneka zochedwa. Pa phula n'zochedwadi. Koma pamene matani 3 akutsika sitepe ya mwala yofika m'bondo, liwiro limenelo ndi lokwanira kumenyetsa difu pansi.

Tsono chinthu chachinayi, chimene anthu ambiri amachiiwala, ndi tayala lenilenilo.

Matayala: njira yotchipa imene palibe amafuna kuimva

Tayala lalitali limayenda mtunda wautali likazungulira kamodzi, choncho limakweza magiya onse. Mukachoka pa mainchesi 31 n'kuika 315/75R16, amene timawatcha ma 35, mwataya pafupifupi 10 pa 100 iliyonse. Nambala 46 ija tsopano ikugwira ntchito ngati 42. Anthu ambiri amene amadandaula kuti low range yawo ndi yothamanga anadzipangira okha vutoli tsiku limene anagula matayala akuluakulu.

Kubwerera ku 285/75R16, a mainchesi 33, kapena ku 7.50R16 aja opyapyala, kumabweza gawo lalikulu la zimene zinatayika popanda kumasula bawuti ngakhale imodzi ya m'kati mwa galimoto. Chimene mumataya ndi msinkhu wa difu kuchoka pansi, pafupifupi inchesi imodzi pakati pa 35 ndi 33. M'misewu yokumbika ndi mathirakitala ndi malole nthawi ya dzinja, inchesi imodziyo nthawi zina ndi imene imasiyanitsa kudutsa ndi kukhalira pamimba, kotero sindikunyoza amene amakonda ma 35. Ndikungoti muziwerengera mtengo wake wonse. Ndiponso tayala la 7.50R16 likaphulika muli kutali, mwayi wopeza lina pa sitolo ya paboma ndi waukulu kuposa wa 315.

Kusintha magiya a low range m'kati mwa transifa

Iyi ndiye njira imene imalunjika pa vuto lenileni, ndipo ndi imene ndimaikonda.

Transifa za magalimoto amenewa zilipo za mitundu itatu: HF1A ya galimoto zimene umachita kulowetsa 4x4, HF2A ya zimene matayala onse anayi amakoka nthawi zonse, ndi HF2AV imene ili ndi viscous coupling, chipangizo chothandiza kuti kutsogolo kapena kumbuyo kusaterereke kokha. Zonse zimagwiritsa ntchito magiya enieni a mano, osati tcheni. M'kati mwake muli giya yolandira mphamvu kuchokera ku giyabokosi, shafuti yapakati, ndi magiya awiri otulutsa mphamvu, ina ya high ina ya low. Makampani monga Marks 4WD Adaptors ya ku Australia ndi Sumo Gear amapanga magiya olowa m'malo mwa awiri a low aja, yaing'ono ya pa shafuti yapakati ndi yaikulu yotulutsa mphamvu. Low range imachoka pa 2.488 n'kufika pafupifupi pa 3.1, nambala yakwera ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, ndiye kuti giya yatsika.

Pa HZJ80 yathu ija, 46 imasanduka 58. Ndi ma 35, liwiro la pa maulendo 1,000 limatsika kuchoka pa makilomita 3.6 kufika pa 2.9 pa ola. Pa pepala kusiyanako kukuoneka kochepa, koma phazi lamanzere ndi limene limachitira umboni. Umasiya kilatchi yonse, injini ili phee pa idle, galimoto n'kumakwera yokha mwala ndi mwala. Potsika umamva injini ikugwira galimoto ngati munthu wagwira ng'ombe pachingwe.

Ubwino waukulu ndi wakuti high range sikhudzidwa konse. Mukabwerera pa M1 galimoto ili chimodzimodzi monga kale: injini ikuzungulira mofanana, dizilo akudyeka mofanana, sipidomita ikuwerenga zoona. Kwa munthu amene amayenda makilomita 400 pa phula kuti akapeze makilomita 15 oipa, zimenezi ndi zofunika kwambiri.

Pali phindu lina limene silitchulidwa kawirikawiri. Magiya ena onse a low amatsikanso. Giya thu imachoka pa 25 kufika pa 31, giya firii pa 15 kufika pa 19. Giya thu ya 31 ndi yabwino kwambiri pa zitunda zazitali za miyala yotayirira, pamene wani ndi yochedwetsa koma thu yakale inali kulemetsa injini. Ndipo simutsala ndi mpata pakati pa low ndi high, chifukwa giya faifi ya low imagwera pafupi ndi giya thu ya high.

Zovuta zake zilipo. Transifa iyenera kutsitsidwa ndi kutsegulidwa, magiya akale amachotsedwa ndi puresi, ndipo popeza giya yatsopano yotulutsa mphamvu ndi yaikulu, pamafunika kupala pang'ono m'kati mwa chigoba cha aluminiyamu kuti isakhudze. Apa m'pamene ntchito imakomera kapena kuonongekera. Tizidutswa tonse ta aluminiyamu tiyenera kutsukidwa mpaka chigoba chiyere, apo ayi tidzalowa m'mabering'i. Poti bokosi latsegulidwa kale, sinthani masilo ndi mabering'i otopa nthawi yomweyo. Magiya ena ogula padera amalira pang'ono mukakhala pa low, kulira kosaononga kanthu. Ndipo malire ake ndi omwewo: chigoba chilibe malo a giya yoposa pamenepo, kotero ngati mukufuna kuti nambala ija ifike pa 80 kapena 100, njira iyi yokha sikufikitsani.

Kusintha crown wheel ndi pinion m'madifu

Anthu ambiri amayambira apa, ndipo kwa ena ndi yankho lolondola. Madifu a 4.10 amatha kusinthidwa kukhala 4.56, 4.88 kapena 5.29 posintha magiya awiri a m'kati mwake, pinion yaing'ono ndi crown wheel yaikulu imene pinion imaizunguza. Ndi 4.88, nambala yathu imafika pa 55. Ndi 5.29 imafika pafupifupi pa 60, kuposa pang'ono magiya a transifa aja.

Kusiyana kwake ndi kwakuti difu sidziwa ngati muli pa low kapena pa high. Imatsitsa zonse. Tiyeni tione pa liwiro la makilomita 100 pa ola, giya faifi ya H150F imene ili 0.811. Galimoto monga inachokera ku fakitale, matayala a 31 ndi difu ya 4.10, injini imazungulira pafupifupi maulendo 2,230, pafupi kwambiri ndi 2,200 pamene 1HZ imatulutsa mphamvu yake yonse yopotokola ya 285 Nm. Mukaika ma 35 osasintha difu imagwa kufika pa 2,000, ndipo injini yopanda turbo imeneyi imayamba kulemedwa: kachitunda kakang'ono mwabwerera ku giya folo, utsi wakuda kumbuyo, singano ya kutentha ikukwera. Difu ya 4.56 imabweza ma 35 aja pa 2,230 ndendende. Ya 4.88 imawaika pa 2,390, zimene galimoto yolemera imazilandira bwino. Koma 4.88 yomweyo pa matayala a 31 ndi maulendo 2,650, phokoso ndi dizilo wambiri ulendo wonse wa ku Karonga.

Ndiye funso loyenera kudzifunsa ndi ili: kodi galimoto yanga ndi yofooka paliponse, kapena ndi yothamanga pa low pokha? Ngati imavutika kunyamuka pa roboti, imalephera kusunga giya faifi, ndipo zonsezi zinayamba mutaika matayala akuluakulu, madifu ndiwo mankhwala. Magiya a transifa sangathandize kanthu pa phula.

Mtengo wake ndi wowirikiza chifukwa madifu ndi awiri ndipo ayenera kufanana. Pa galimoto yokoka matayala onse nthawi zonse simungasinthe imodzi lero ina mwezi wamawa. Chinanso, nambala ikamakwera pinion imachepa. Ya 4.10 ili ndi mano 10 oluma crown wheel ya mano 41. Ya 4.88 ili ndi mano 8 pa 39, ya 5.29 mano 7 pa 37. Difu yakumbuyo ya Land Cruiser 80 ndi yaikulu, mainchesi 9.5, ndipo imapirira. Yakutsogolo ndi ya mainchesi 8 okha, ndipo ndi imene imadziwika kuti imathyoka mano, makamaka munthu akamakoka galimoto ina chobwerera m'mbuyo. N'chifukwa chake 5.29 pa galimoto ya matani 3 ine sindiilimbikitsa, pokhapokha matayala ali a mainchesi 37.

Koma chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri pa njira iyi si zitsulo ayi, ndi manja oziika. Kuika crown wheel ndi pinion si ntchito yongomanga mabawuti. Pamafunika kuyeza kuya kwa pinion ndi mashimu, kumanga mabering'i pa mlingo wake, kuyeza mpata wa pakati pa mano ndi dial gauge, chipangizo choyezera chokhala ndi singano, kenako kupaka utoto pa mano n'kuona pamene akukhudzana. Ndinaonapo difu yatsopano itayamba kulira isanathe mwezi chifukwa amene anaimanga anayeza mpatawo ndi dzanja basi. Amakaniko aluso alipo, ku Biwi, ku Ndirande ndi kwina, koma musanapereke ntchito pemphani kuti akuonetseni dial gauge yawo. Akaitulutsa m'bokosi lake, khalani pansi mukambirane. Mukatero muyendetse galimoto mofatsa makilomita mazana angapo oyamba, osakoka ngolo, kenako musinthe oyilo. Sipidomita nayo idzafuna kukonzedwa, ngakhale kuti nthawi zina matayala aakulu ndi difu yotsika zimabwezerana n'kuisiya pafupi ndi zoona.

Njira ziwirizi zimathekanso kuphatikiza. Transifa ya 3.1 ndi madifu a 4.88 zimapereka 69, makilomita 2.4 pa ola ndi ma 35. Kwa galimoto yolemera yoyenda maulendo ataliatali, pamenepa ndiye pamapeto pa zimene munthu angafune.

Bokosi lachiwiri

Ku America, kumene kukwera miyala ikuluikulu ndi masewera, anthu anapeza njira yoika bokosi lina lochepetsa liwiro pakati pa giyabokosi ndi transifa. Kampani ya Marlin Crawler ya ku Fresno, California, inatchuka ndi zimenezi pa Hilux ndi 4Runner: low range ya 2.28 kutsogolo, ina ya 4.70 kumbuyo, zonse pamodzi kupitirira 10. Mabokosi ena amagwiritsa ntchito magiya a planetary a 2.72. Bokosi lotere pa HZJ80 lingasandutse 46 kukhala 126, liwiro la makilomita 1.3 pa ola ndi ma 35, loti munthu woyenda pansi amachita kuima kukudikirani. Eni Land Rover ali ndi mwayi wina: Ashcroft Transmissions ya ku Luton inapanga underdrive, bokosi lochepetsa liwiro lomangirira kumbuyo kwa transifa ya LT230, pamalo a PTO, potulukira mphamvu yoyendetsera zida zina, osasuntha china chilichonse.

Kukoma kwake n'kwakuti mumasunga low range yakale n'kuwonjezera ina yotsikitsitsa. Koma pa Land Cruiser bokosilo limakankhira transifa m'mbuyo. Shafuti yakutsogolo iyenera kutalikitsidwa, yakumbuyo kufupikitsidwa, chitsulo chonyamula giyabokosi kusinthidwa, pansi pa galimoto kuboola malo a ndodo ina, ndipo thanki kapena paipi ya utsi zimatha kutchinga. Chilichonse mwa izi ndi chinthu chimene sitolo ya zipangizo za Toyota ilibe. Chikathyoka muli ku Nyika, mudzadikira katundu wochokera kutsidya kwa nyanja.

Ndiponso taonani mphamvu. 285 Nm kuchulukitsa ndi 46 ndi pafupifupi 13,000. Kuchulukitsa ndi 126 ndi pafupifupi 36,000. Nthawi zambiri tayala limaterereka mphamvu yonseyo isanafike, koma galimoto yolemera imakanikiza matayala pansi mwamphamvu, ndipo tayala lakutsogolo likapanikizika pakati pa miyala iwiri, chiwongolero chitakhotetsedwa, loka ya difu, yokakamiza matayala awiri kuzungulira limodzi, ili yotseka, chimene chimagonja ndi Birfield, CV joint, cholumikizira chopereka mphamvu ku tayala ngakhale likukhota, cha m'kati mwa akiselo. Choopsa n'chakuti pa giya yotsika chotero injini simva kulemedwa, kotero sikuchenjezani. Mumangomva kuti phwaa. Magiya otsika amateteza zitsulo pokhapokha dalaivala akawagwiritsa ntchito kuti ayende mofatsa.

Zina zimene mudzamva

Transifa ya Atlas ya Advance Adapters imapezeka ndi low range monga 3.8, 4.3 ndi 5.0, ndipo ndi yolimba. Koma imatulutsa shafuti yakumbuyo pakati, pamene difu yakumbuyo ya Land Cruiser ili chakumanja, kotero ntchito imakula mpaka kufika posintha akiselo. Ma portal, magiya okhala pa habu ya tayala lililonse monga a Unimog, amakweza difu kuchoka pansi komanso amatsitsa magiya pang'ono, koma mtengo wake umatha kufanana ndi wa galimoto ina. Kusintha H151F n'kuika H150F kumapereka giya wani yotsika ndi 11 pa 100 iliyonse, ndipo ndi zanzeru pokhapokha giyabokosi yanu yafa kale.

Eni otomatiki asachite mantha ndi nambala 30 ija. Torque converter, imene imagwira ntchito m'malo mwa kilatchi pa otomatiki, imachulukitsa mphamvu pafupifupi kawiri ponyamuka, kotero pokwera galimoto imachita bwino kuposa momwe nambalayo ikunenera. Vuto lili potsika, pamene converter siigwira galimoto mokwanira, komanso pa kutentha kwa oyilo ikamaterereka nthawi yaitali. Kwa iwo magiya a 3.1 amathandiza kawiri: nambala imafika pa 38, ndipo oyilo amazizirako. Kuwonjezera choziziritsira oyilo wa giyabokosi ndi ndalama yogwiritsidwa bwino.

Tinenenso zoona za nthaka yathu. Mavuto ambiri a kuno si miyala, ndi matope a m'madambo ndi mchenga wa m'mbali mwa nyanja. Mmenemo kukwawa sikupulumutsa munthu. Dothi lakuda la ku Chigwa cha Shire likamata m'mapanga a tayala pamafunika liwiro loti tayala lizitaya matopewo, ndipo mumchenga pamafunika kuphwetsa matayala ndi kusaima. Amene vuto lake ndi limeneli aike ndalama zake pa matayala abwino, pampu ndi loka ya difu, magiya awasiye momwe alili.

Chimene ndingachite ndi galimoto yanga

Pa Land Cruiser yolemera ya 1HZ imene imagwira ntchito komanso iyenera kubwerera kunyumba pa phula, ndingaike matayala a 33, madifu n'kuwasiya pa 4.10, kenako magiya a 3.1 mu transifa. Ndi bokosi limodzi lotsegula, zitsulo ziwiri zosintha, ndipo china chilichonse pansi pa galimoto chimakhalabe cha Toyota. Ndikanakhala kuti ndatsimikiza mtima pa ma 35, ndikanayamba ndi madifu a 4.88, n'kuyenda nawo dzinja limodzi ndisanaganize zotsegula transifa, chifukwa mwina 55 ingandikwanire. Bokosi lachiwiri ndingalisiyire galimoto imene imapita kumiyala itakwezedwa pa ngolo.

Musanaitanitse kanthu kuchokera ku Johannesburg kapena ku Australia, tsimikizani zimene zili m'galimoto yanu, chifukwa magalimoto a zaka 30 ambiri anasinthidwapo zitsulo ndi eni ake akale, ndipo ma 78 ndi 79 a 1HZ ambiri ali ndi madifu a 4.30 osati 4.10. Onani mtundu wa transifa, HF1A, HF2A kapena HF2AV, ndipo muuze wogulitsayo. Za difu, tchingani matayala akutsogolo ndi miyala, kwezani akumbuyo onse awiri pa majeki olimba, giya pa nyutulo, handibuleki yomasula. Lembani chizindikiro ndi choko pa shafuti ndi pa matayala. Inu ndi mnzanu zungulizani matayala awiriwo limodzi maulendo 10, wachitatu akuwerenga shafuti. Ikazungulira maulendo 41 ndi 4.10, ikafika 43 ndi 4.30, ndipo ikayandikira 49 ndiye kuti wina anaika kale 4.88 inu musanaigule.